Gemu Yatsopano kwa Ba Yusufu

Lachinayi, kuno ku Kalingalinga. Lero mtima wandiwawa.

Ba Yusufu, omwe ndimawasesera m'kanyumba ka magemu, asinthanitsa sidi yakale ya gemu ya ndewu ndi yatsopano. Womenya wa m'gemumo amene ndimamukonda amusintha nkhope, mabatani nawonso asintha. Zonse zomwe ndinaphunzira mobisa m'mawa, anthu asanabwere, zapita.

Makasitomala agawikana. Akalipentala akuti, "Baiononga, apa ndiye yasila." Makondakitala a mabasi akuti yakale inali ya nkhalamba.

Ba Yusufu anati anthu akweze manja, aone ngati akatengenso yakale. Mbali ziwirizo zinafanana. Anandiyang'ana akuseka. "Nanga iwe Tisa, uziba chani pa vamagemu?"

Ndinayang'ana pansi, iwo n'kunena kuti yatsopano ikhale. Pankafunika dzanja limodzi lokha, koma langa linali m'chitenje, ndipo ine ndinaopa kuti angadziwe zoti ndimasewera mobisa.