Kamwala ka pansi pa nyanja pa chiliza cha Sabina

Aphungu,

Mukafunsa kuno kwa Kabudula kuti ndani amaseketsa anthu ngakhale pa siwa, akulozerani ine. Koma lero ndabwera ndi nkhani yoona, ndipo vuto lagona pomwepo.

Mkazi wanga Sabina anatisiya chaka chatha, ndipo mwezi wamawa tikumanga chiliza. Mdzukulu wathu Dorika, wobadwa kwa mwana wathu wamkazi, anakulira m'manja mwa Sabina. Ali wamng'ono ankadzaza matumba a diresi ndi timiyala ta kudambo, agogo akewo n'kumasoka matumba ong'ambikawo osadandaula. Mdzukuluyu waphunzira za miyala mpaka kunja, ndipo anakwera sitima ya ofufuza kupita pakati pa nyanja yamchere ya Atlantic. Atabwera kudzationa anandipatsa kamwala kokwana m'dzanja, kobiriwira modera, koterera ngati sopo, kamaangamaanga ngati khungu la njoka. Akuti kanali kachidutswa kotsala, akuluakulu ake anamulola kutenga.

"Agogo," anatero, "dziko lili ngati dzungu. Ife timalima pakhungu. Pansi pa khungulo pali mnofu wamwala wokhuthala koopsa, ndipo palibe mjigo unaboolapo mpaka kumeneko. Aka n'ka kumeneko."

Ine ndinati, "Nanga iwe unakumba ndi khasu la yani?"

Anaseka, n'kundiuza kuti pansi pa nyanjayo pali mtandadza wa mapiri pomwe dziko likung'ambika, Africa kulowera uku, Amereka kulowera uko, pa liwiro lomwe zikhadabo zimakulira. Kwina chiphalaphala chimakwera msanga n'kumata mng'aluwo. Koma kumene kung'ambika kuli kwa pang'onopang'ono chonchi, chiphalaphala chimaperewera, ndiye mnofu uja umakokedwa n'kutulukira poyera, sitima n'kuuvuula.

Akuti mwalawu uli ngati masese: zosungunuka zinachoka kalekale, kunatsala timibulu tobiriwira totchedwa olivini, todzaza chitsulo ndi maginiziyamu. Madzi amchere akaulowa umasintha, umafunda, n'kutulutsa mpweya umene tizilombo tosaoneka ndi maso timadya mumdima mosafika dzuwa.

Aphungu, ine ndinakalandira kamwalako ndi manja awiri. Ndalima moyo wanga wonse ndikuyesa kuti pansi pathera pa thanthwe la m'chitsime. Mpaka lero ndikakagwira kamwalaka ndimamva ngati ndalowa m'tchalitchi nditavala chipewa.

Ndikufuna akamate pa chiliza cha Sabina, poti ndiye analera mwana wa miyalayu. Koma alamu anga a Boniface, mlongo wake wa malemu, ndiwo mwini mbumba, komanso ndi mkulu wa mpingo. Pa msonkhano wa banja ndinatulutsa kamwalako. Ndinamangirira maginito a wayilesi yakale ku ulusi, maginito aja n'kupendekera kumwala mpaka kukakamira. Pakamwa panandiyabwa, ndinati, "Sunthani, alamu, kangakuzuleni zipi ya thalauza pamaso pa azimayi."

Ana anagwa nako kuseka. A Boniface sanaseke. Anati, "Alamu, manda si bwalo la masewera. Mwala wa khungu la njoka, wokoka zitsulo, kumutu kwa mlongo wanga? Mwina mwangotola mu Bua umu kuti mutiseke. Mwinanso n'chizimba."

Ndalumbira, ndafotokoza za dzungu lija, koma ndikangotsegula pakamwa anthu amayamba kumwetulira podikira bodza. Dorika anabwerera kale kuntchito. Tsopano mmisiri wa chiliza wandinong'oneza kuti angathe kukwirira kamwalaka m'simenti popanda wodziwa. Kodi nditero?

F.M., Kabudula

A F.M.,

Ayi, musatero. Mmisiri wonong'oneza lero ndi yemweyo adzaulule akadzamwa. Zikadzamveka, a Boniface sadzakayikanso kuti chinali chizimba, ndipo mwina adzafuna kugumula chilizacho. Mukufuna kuona nyundo pamanda a mkazi wanu?

Inenso kalata yanu yandidabwitsa zedi. Zimene anakuuzani Dorika n'zimene ophunzira za miyala amanena. Nawo maginitowo si matsenga: madzi akasintha mwala wotere, chitsulo china cha mkati mwake chimasanduka timchenga takuda tokoka maginito, ngati tomwe ana amatola m'ngalande mvula ikakata. Mwagwira m'dzanja chinthu chochokera kumene munthu sanapondeko ndipo sadzapondako. Ine ndikanachita mantha kukaika m'thumba.

Koma mwaphonya njira. Inu ndinu mkamwini. Ngakhale mwakalambira pamudzipo, pa za manda mawu anu ndi opempha basi. Mwina alamu anu sakuopa njoka ayi. Akuopa kuti tsiku lolira mlongo wawo lisanduka chisudzo chanu, anthu n'kumaunjirira mwala m'malo mokumbukira munthu. Mutawanena za zipi pagulu, mukanati aganize chiyani?

Amene ali ndi mawu ndi Dorika. Iye ndi magazi a Sabina, mbumba ya a Boniface yeniyeni. Muimbireni foni, mumufunse kaye ngati iye akufuna kamwalako kakhale pa chiliza, poti m'kalata yanu simunanene. Akavomera, awaimbire yekha a Boniface, awafotokozere mmene anakufotokozerani, awatumizirenso zithunzi za pa sitimayo. Pempho la mdzukulu wofuna kuthokoza agogo ake, mwini mbumba salikana msanga.

Inu pitani kwa alamu anu panokha, masana, popanda ana oombera m'manja. Kasiyeni kamwalako m'manja mwawo kagone kwawo masiku angapo, akagwire, akaonetse abusa ngati akufuna. Mukatero khalani pansi mutseke pakamwa. Ndikudziwa kuti kwa inu n'chimodzimodzi kusala kudya, koma piriranipo.

Akalola, mmisiri akamate kathunthu. Asakadule ndi makina, asakapere, ndipo wina asayese kukasinja kuti apange mankhwala: miyala ina yamtunduwu imakhala ndi tiulusi toopsa m'mapapo fumbi lake likapumidwa. Kugwira chabe kulibe vuto.

Akakana, musachite makani ndipo musapite mseri. Bwererani nako kunyumba, ndipo pa tsiku la chiliza mukaime pafupi ndi a Boniface, muimbe nawo nyimbo. Sabina anakwatiwa ndi inu, koma anabadwa kwa iwo.

Aphungu