Dzanja la Zala Zinayi pa Mtengo wa Rozaria

A Wilson Makina, a kumunsi kwa Michesi. Munatisiya pa 9 Okotobala, 1951.

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, bambo. Ndikulemba ndine Eneya, mwana wanu, m'malo mwa amayi a Eveles ndi mlongo wanga Rozaria. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munakana kubisa dzanja lanu lamanzere, lija sowo inadula chala chimodzi muli kocheka mkungudza kuphiri.

Timakumbukira mmene munkayendera mitengo yanu mukaweruka kumunda: mango, mapeyala, ndi mbibu zija agogo anabwera nazo atamanga pansalu pothawa kwa Apwitikizi. Munkagogoda thunthu katatu, n'kugunditsa khutu. Anthu odutsa ankakusekani, inunso n'kumaseka nawo mpaka kutsokomola. Koma mukangoona utuchi patsinde, nthabwala zonse zii! Munkalowetsa sipoko ya njinga pabowo, kusolola mphutsi yonenepa ngati chala, kuponyera nkhuku, n'kumata dongo. Mtengo umene mphutsi zaudya mpaka pamtima munkaudinda ndi chikhatho chopaka phulusa, kusonyeza kuti watha, udulidwe usanapatsire inzake. Simunaphonyepo ndi kamodzi komwe.

Tsono bambo, akudinda mitengo masiku ano ndani? Chaka chomwe munapitacho tinapeza dzanja la phulusa pa mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa khola. Zala zinayi. Ndinazazira mudzi wonse, poganiza kuti wina akusewera ndi chisoni chathu. Mvula isanagwe, mtengo uja unauma gwa. Chaka chotsatira dzanja linagwera mitengo iwiri ya mbibu, nayonso inauma. Amayi ankati amamva kugogoda katatu dzuwa lili paliwombo, mphepo kulibe, nkhuku zonse zitangoti duu. Ndinkawatsutsa. Ndinaleka tsiku lomwe ndinamva ndekha.

Zonsezo tinapirira, poti mitengo ndi yanu. Koma Lolemba lapitali dzanjalo talipeza pa mtengo wa mango wa pakhomo, uja munabzala pamalo pomwe munakwirira mchombo wa Rozaria. Inu nomwe munkatiletsa ngakhale kuthyolako nthambi, mumvekere mtengowo ndi Rozaria yemwe. Mwana wanuyo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, miyendo yatupa, chakudya chikumukana. Phulusalo ndinalitsuka ndi mtsuko wathunthu wa madzi. Pobwera kudimba masana ndinapeza labwereranso, mizere ya m'chikhatho mwanu ikuoneka bwinobwino. Ndakwiya nanu, bambo, ndinene poyera. Ndipo ndili ndi mantha.

Achibale akuti nditsate lamulo lanu, ndidule. Nkhwangwa ine ndakana, ndipo ndakaibisa. Ndinakwera mumtengomo, bowo ndinalipeza pamphanda, lobisika ndi khungwa. Ndinatenga sipoko yanu ija amayi anaisomeka kudenga, ndinasolola mphutsi zitatu, n'kumata dongo la pachulu monga munandiphunzitsira. Kenaka ndinagogoda katatu, n'kugunditsa khutu. Mkati mukumveka kanthu. Kaya ndi mphutsi yotsala, kaya ndi mtima wanga womwe, ine sindikutha kusiyanitsa.

Khutu lanu linkaposa langa, choncho bwerani mudzamverenso. Munthu, ngakhale inu, akhoza kuphonya kamodzi. Amayi sakugoneka phulusa pakhomo pano. Akangophula poto akukalitaya kumtsinje, lisanazizire n'komwe. Rozaria sitinamuuze, tinangokoloweka mkeka pathunthupo, iye akuyesa tikuuyanika. Dzulo anakhala pamthunzi pomwepo, atatsamira mkekawo, akutiuza kuti mwanayo akadzakhala wamwamuna adzamutcha dzina lanu.

Sipoko ndi dongo lonyowa takusiyirani patsinde, m'chipanda chanu chija. Mukafika, tolani zimenezo.

Sitidzakuiwalani, bambo. Musachite kutitengera Rozaria kuti tizikukumbukirani.