Evance Wadzitsekera Kunja

Lachiwiri, 22 Okutobala

Evance wafika masana kuchokera ku Lilongwe. Mwana wanga waonda. Iye akuti sanaonde, ndine ndimaona choncho nthawi zonse. Kaya.

Chiliza cha bambo ake tivundukula Loweruka, ndipo mtima wanga sukukhala pansi. Simenti iuma bwino? Nanga mvula ikafulumira? Nanga anthu akachuluka kuposa ndiwo? Mlongo wake Janeti akuti ndidzafa ndi zinthu zimene sizinachitike.

Koma chandiopsa kwambiri ndi ichi. Tchuthi chenicheni sanamupatse, chifukwa akadali pa miyezi yomuyesa ntchito. Abwana ake, mayi Zahra, angomumvera chisoni kuti abwere, koma ntchito ina aimalize ali konkuno pa laputopu. Iye amafuna kubwera Lachisanu. Ndine ndinalira pa foni kuti abwere lero.

Lachitatu, 23 Okutobala

Netiweki kuno kwathu ku Nsipe imagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa khola basi. E. waikapo mpando, laputopu pamiyendo, nkhuku zikumuzungulira.

Ndamufunsa kuti ntchito yake kwenikweni n'chiyani, poti kutchalitchi ndimangoti za makompyuta. Akuti ku Lilongwe kuli chipinda chopanda mawindo, chozizira ngati ku Tsangano mwezi wa Juni. Mmenemo mwadzaza makina osunga zinthu za makampani. Iye amakonza bokosi lachitsulo lotchedwa switchi. Kutsogolo kwake kuli timabowo tondandana tolowetsamo mawaya, kalikonse amati poti.

"Ndi zitseko, amayi. Chilichonse ndimachiuza zochita. Iwe tseguka, iwe tsekeka, iwe uzidutsitsa za kampani yakuti yokha."

Ndati uli pa chulu pompano? Wati eya, pali chitseko chimodzi chimene iye amalowera ali kutali.

Ndati nanga chimenecho chikatsekeka?

Waseka mpaka kutsokomola. "Inu amayi, ngakhale kumwamba mukafunsa ngati denga silidontha." Akuti pali njira yake. Asanagwire chilichonse amayamba wauza bokosilo kuti pakapita kanthawi iye osabwerako, lizime lokha n'kuyakanso, liiwale zonse zatsopano zimene waliuza. Ndiye ngakhale alakwitse, limabwerera mwakale.

Bokosi limene akukonza ndi latsopano. Eni ake akubwera kudzaliyesa Loweruka masana. Loweruka lomwelo. Sindinakonde.

Lachinayi, 24 Okutobala

Mulungu wanga. 

A Fanizo, mng'ono wa malemu mwamuna wanga, ndiwo akuyendetsa mwambo. Masana anabwera ndi amisiri kuti akamate mwala wa dzina pa chiliza. Anati mwana wamwamuna wamkulu ayenera kuugwira pouika. Simenti anali atakanda kale kumanda, ikuuma. E. ali pa chulu.

Ndinamuitana, anati ndikubwera. Ndinatuma Janeti, anati atsala pang'ono. A Fanizo anaima padzuwa, anakana mpando. Anati, "Alamu, mwana wanuyu bambo ake ndi makinawo?" Nkhope yanga inatentha. Ndinakwera pa chulu ndekha, ndinamuimirira pamutu, ndinati iwe ukundichititsa manyazi, dzuka pompano. Anati amayi dikirani pang'ono chabe. Ndinati pompano!

Analemba mwachangu, zala zikuthamanga. Kenako anasiya. Anadina batani lalikulu lija, anadinanso. Timalemba toyera tija tinangoima.

Anati, "Ndadzitsekera kunja."

Ntchito yake inali kutseka mapoti onse osagwira ntchito kuti akuba asalowerepo. Mmalo motseka limodzilimodzi anatseka mzere wonse pakamodzi, ndipo mumzeremo munali chitseko chake chija. Ndinati si lizima lokha nanga, monga unanenera dzulo? Sanandiyang'ane. Anati, "Chimenecho ndinachidumpha. Mumandifulumiza."

Anapita kumanda, anakagwira mwala. Anabwerako maso ali gwa.

Waimbira mlonda wa kuntchito kuti akangozula waya wa magetsi n'kubwezeretsa. Ndamva mlondayo akuti, "Bwana, chala changa sichitsegula chipinda chimenecho. Ine ndi geti basi." Chipindacho chimatseguka ndi chala cha E., cha mayi Zahra ndi cha bwana wamkulu. Mayi Zahra ali ku Mzuzu mpaka Lamulungu.

Sanadye. Inenso.

Lachisanu, 25 Okutobala, mmawa

Waimbira mayi Zahra. Ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndamva. Mayiwo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Evance, ndinakuikira khosi langa. Anthu aja akapeza bokosi lakufa mawa masana, ndiyenera kuuza bwana wamkulu kuti ndinalola munthu woyesedwa kugwira ntchito ali kumudzi. Ukudziwa chotsatira." E. ankangoti inde madamu, inde madamu.

E. akuti mankhwala ake ndi amodzi. Apite yekha, akalumikize kawaya kabuluu kamene ali nako m'chikwama kubokosiko, atsegule chitseko chija ali pomwepo. Ntchito yosachedwa n'komwe. Koma ndi ku Lilongwe.

Wathamangira kumsewu kuti apite lero abwerenso lero.

Lachisanu lomwelo, madzulo

Wabwerako ndi fumbi mpaka m'nsidze. Mafuta akusowa. Maminibasi ali pamizere ya mafuta kuboma, ochepa amene adutsa adzaza mpaka pakhomo. Tsiku lonse dzanja lili m'mwamba.

A Nasir a sitolo ya pamsewu anamuona. Akuti lole yawo ili ndi mafuta, inyamuka mawa kukacha kupita ku Lilongwe ndi matumba a mbatata, angathe kukhala kutsogolo. Mawa. Nthawi ya chiliza.

E. anakauza a Fanizo. Ndinakhala pansi chapatali. A Fanizo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Nsalu ya pa chiliza amachotsa ndi mwana wamwamuna wamkulu. Anthu achoka ku Kandeu, ena ku Bwanje pa njinga. Ndikawauze kuti mwana wathawira bokosi? Ukakwera loleyo, usadzatchulenso dzina la Ngozo pakhomo pano."

E. anabwera kwa ine. "Amayi, nenani inu. Mukati khala ndikhala."

Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, pemphero osatuluka. Akakhala, ntchito yatha. Mwana amene anakhala zaka zingapo ndi mapepala ake m'sutikesi, akumayenda ndi nsapato za bambo ake kukafunsira ntchito. Akapita, abale a mwamuna wanga atitaya, ndipo malemuwo ndidzawalota bwanji? Mbali zonse ndine ndayambitsa. Ndikanangokhala chete pa chulu paja.

Sindidziwa chimene chinandidzutsa. Ine a Fanizo sindinawayankhepo chikwatiwire. Ndinapita pamene anakhala ndi amuna anzawo, ndinagwada, ndinati zikomo Ngozo, ndili ndi funso limodzi. Anati nenani alamu.

Ndinati, mayi anu atamwalira, akulu anuwa anaponya dothi?



Ndinati anali ku Joni, kufamu. Mzungu anawakaniza. Anafika udzu utamera pamanda. Analira m'nyumba mwanga muja, inu munabwera kudzawatonthoza, munati achimwene, munthu sataya khasu chifukwa cha maliro, mayi akudziwa kumene munali. Ndinamva ndi makutu angawa. Lero mwana wawo ndiye ataye khasu?

Mawu anathera pomwepo, ndinayamba kulira ngati mwana. A Fanizo anatola chipewa n'kumapita.

Ndauza E. kuti apite. Ndafunsa ngati kawaya kabuluu kali m'chikwama. Wandionetsa. Ndafunsanso. Wandionetsanso.

Loweruka, 26 Okutobala, mmawa

Wapita. Ndinamuperekeza mpaka kumsewu. A Nasir anati, "Musadandaule make Evance, Mulungu akalola afika nthawi yabwino." Lole yake yokalamba, utsi wakuda. Matayala sindinawakonde.

Loweruka lomwelo, madzulo

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Anthu anadzaza. Akwaya, abusa, amuna a ngoma ndi zishango zawo. Ine thupi lokha linali pamenepo. Foni ndinaimangirira pa nsonga ya chitenje. Tikunyamuka kupita kumanda inanjenjemera. E. analemba kuti ali pa Dedza, akutsitsa matumba ena, wogula sanabwere, akumudikira. Dzuwa linali litakwera kale. 

Kumanda ndinkamva kunong'ona kumbuyo. "Mwana wamwamuna uja ali kuti?" "Akuti wapita kukatsegula chitseko." "Chitseko cha ndani?" Wina anaseka.

Abusa atamaliza, a Fanizo anaima pafupi ndi nsalu yoyera ija. Anayang'ana khamu lonse. Ndinati basi, atinyoza pamaso pa anthu onsewa. Kenako anati, "Mwana wamkulu wa malemuwa ali kuntchito, monga ankakhalira bambo ake. Janeti, bwera ugwire mbali ya mchimwene wako." Azimayi ena anayang'anana. Janeti anapita, anachotsa nsaluyo awiri ndi a Fanizo. Dzina la mwamuna wanga linaoneka, mwala uli chilili bwinobwino. Ndinalira, koma kunena zoona sindidziwa ngati ndinkalirira malemu kapena lole.

Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Foni zii. Ndinaimba, osayankha. Ndinaimbanso. Janeti anandilanda.

Anthu akusamba m'manja kuti adye, Janeti anabwera akuthamanga ndi foni yake, yanga siionetsa zithunzi. Bokosi lakuda, timabowo tondandana, pamwamba pake timagetsi tobiriwira. Pansi pake E. analemba kuti, "Chatseguka."

Ndinakhala pansi pomwepo pa phulusa.

Koma E. waimba kumadzulo kuno, mawu otopa. Anafika mochedwa. Anapeza eni bokosi aima kale pageti, atadikira mpaka kuimbira bwana wamkulu. Bwanayo anabwera yekha, anamuona E. akulowa ndi dothi la mbatata pa thalauza. Bokosi layenda bwino, eni ake apita osadandaula kwambiri. Koma bwana wati Lolemba mmawa akaonane mu ofesi, iye ndi mayi Zahra.

Ndiye zonsezi mwina zapita pachabe.

Lamulungu, 27 Okutobala

Kutchalitchi sindinamve kalikonse. Mbale zobwereka tabweza. Mawa ndiye ku ofesi kuja.

Lolemba, 28 Okutobala

Ndinakwera pa chulu kutangocha, foni m'manja. Ndinalonjeza Janeti kuti sindiimba. Mbuzi sindinatsegulire, anatsegula ndi iye.

A Fanizo anadutsa ndi njinga, anaima pa mpanda. "Alamu, kwamveka kanthu?" Ndinati ayi. Anatsamiritsa njinga pa khola, anakhala pa mwala m'munsi mwa chulu.  Patapita nthawi anaitana Janeti kuti awaonetse chithunzi chija. Anachiyang'anitsitsa, anati, "Zitseko zake ndi timeneti? Ine ndimayesa zenizeni."

Foni inalira dzuwa litatentha kale. Ndinalephera kudina, anadina ndi Janeti.

Akuti sanamuchotse. Miyezi yomuyesa awonjezera, ndipo kugwira ntchito ali kutali amuletsa mpaka adzamukhulupirirenso. Mayi Zahra adzudzulidwa chifukwa cha iye, sakumuyankhula bwino. Koma chala chake chikutsegulabe chipinda chija. Anati ali momwemo, amupatsa switchi ina kuti akonze mapoti ake lero lomwe. Ndinkamva mphepo ya makina ikuwomba kumbuyo kwake.

Ndinati waliuza kuti lizime lokha ukalakwitsa?

Anaseka, kuseka koyamba chichokere Lachitatu. "Pano ndili nalo pafupi, amayi. Koma ndaliuza."

A Fanizo anatambasula dzanja, ndinawapatsa foni. Anangoti, "Ngozo, ukapeza mpata ubwere udzaone mwala wa bambo ako." Anandibwezera.

Mafunso anali atadzaza m'kamwa. Wadya? Wavala juzi m'chipinda chozizira chija? Thalauza lija wachapa? E. anati, "Amayi, ndili pakati pa mzere, koma nenani, ndikumva."

Ndinati ayi, maliza kaye. Usafulumire.

Ndinadula foni ndine.