Palibe Woima Kutsogolo

Sukulu ya pa Esiteti,
Thyolo.
14 Julaye 2001

Okondedwa achimwene Everson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Karonga kotenthako, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chiperoni chatigwira sabata yachiwiri, tiyi akumudulira, ndipo ana anga a Sitandade 6 akulemba zala zitauma ndi kuzizira.

Munafunsa ngati tikusewerabe masewera athu a Loweruka masana, aja anatisiyira Hazel, mphunzitsi wachizungu uja, a buku ndi madayisi, aja aliyense amasewera ngati munthu wopeka wa m'nkhani. Tikusewera, koma mochita kudzikoka. Chichokereni inu, woyendetsa nkhani ndine. Mayi Fainess akadali ndi sing'anga wawo, a Yesaya ndi woponya mivi wawo woonda uja, a Teleza ndi wamatsenga. Amene palibe ndi Mulopwana, wankhondo wa a Justice, kalaliki wa ku fakitale. Mukukumbuka mmene ankatsekera khomo la phanga ndi chishango, zilombo zikumusinja, anzake akuponya mivi ali kumbuyo kwake. Mulopwana anafa mu Meyi, ndipo ndiyenera kukuuzani mmene zinakhalira, chifukwa pali pomwe ndinalakwa.

A Justice anayamba kudwala chaka chitangoyamba. Chifuwa, kenako m'mimba, kenako zilonda m'kamwa. Dzina la matendawo sindilemba, inunso mwaika anthu m'manda. Atalephera kukwera chitunda cha kusukulu, tinayamba kunyamula buku kupita kwawo. Tinkasewerera pakhonde, iwo atafunda bulangeti, dayisi ikuwapulumuka m'manja. Akazi awo anandiuza kuti Loweruka lokha ndi limene amadzuka osawakakamiza.

Mukudziwa kuti madayisi a adani timaponyera kuseri kwa buku. Ndiye ndinayamba kunama. Dayisi ikati mkondo wamulasa Mulopwana, ine ndinkati waphonya. Masabata asanu wankhondoyo sanakandike n'komwe.

Loweruka lina ndinawaikira achifwamba asanu ndi awiri pa mlatho. Mulopwana anaima pakati kuti anzake awoloke. Ndinaponya, n'kunena kuti, "Aphonyanso."

A Justice anati, "Aphunzitsi, chotsani bukulo."

Ndinati malamulo salola.

"Kuchipatala akuti ndi chifuwa chabe. Mayi a kuno akuti ndayamba kunenepa. Ndiye inunso? Ponyani poyera ndione."

Ndinaponya poyera, achimwene. Mikondo inalowa motsatizana. Mayi Fainess anathira mankhwala onse amene sing'anga wawo anali nawo, koma sanakwane. A Justice ankafufuta okha manambala a moyo papepala, mpaka analemba ziro. Kenako anafunsa, "Koma anzanga awoloka?"

"Awoloka onse."

"Basitu," anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anapinda pepalalo n'kundipatsa. Sabata yotsatira abale awo anabwera kudzawatenga kupita nawo kumudzi ku Nsabwe. Akadali moyo. A Yesaya anapitako panjinga, akuti sakuthanso kukhala tsonga.

Kuyambira pamenepo gulu lilibe woima kutsogolo, ndipo ndayesa zonse zimene mutu wanga ungathe. Woponya mivi wa a Yesaya anayesa kunyamula chishango, anangomenyedwa kawiri n'kugwa. Ndinachepetsa zilombo, ndinawatsegulira njira zozembera, ndinawaikira mitengo yoti akwere. Koma pepala la wamatsenga lili ndi manambala a moyo khumi ndi imodzi yokha, ngakhale galu wolusa amamugwetsa, ndipo tsopano osewerawa salola kuti ndiponyere kuseri. Ndinawapatsa msilikali waganyu woti ndizimuyendetsa ndekha. A Teleza anati, "Ndiye mukungodzimenya nokha, ife tikuonerera." Ndinaitana a Sam, mphunzitsi watsopano wa masamu. Anabwera kawiri, kenako anati kumpingo kwawo madayisi ndi juga.

Pomaliza ndinapempha kuti mmodzi mwa atatuwo asiye munthu wake, alembe wankhondo watsopano. Onse anayang'ana pansi. Mayi Fainess ndi amene anayankha: "Ine sindingaime pamalo pa munthu amene akupumabe."

Loweruka lathali gulu linafika pakhomo la phanga lina m'nkhanimo. Maola awiri anangokambirana woti ayambe kulowa. Ndinawauza kuti mkati muli zii, sanandikhulupirire. Mvula yowaza itakula, a Yesaya anati akaone mbuzi, ndipo tinabalalika dayisi isanaponyedwe ngakhale kamodzi. Ndinatsala ndekha m'kalasi ndikufufuta mapu pabolodi.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, inu amene munayendetsa masewerawa zaka zitatu, ndilembereni ngati pali njira yoti anthu atatu ofooka angapitire patsogolo popanda kuwanamiza. Ine sindikuiona. Chachiwiri, tchuthi cha Ogasiti mubwere, tipite limodzi ku Nsabwe. Ndikuvomera kuti sindinapiteko. Kawiri ndafika pa siteji, minibasi yaima, ine n'kubwerera. Ndimaopa kuti akandifunsa kuti gulu lafika pati, ndipo ndimaopanso kuti mwina sakandifunsa chilichonse. Ngati n'kotheka musadikire mpaka tchuthi chithe.

Za ine musadandaule. Ndili ndi kachifuwa ka nyengo ino, ndipo lamba ndaboola bowo lina, koma mukudziwa zitunda za kuno mmene zimadyera munthu. Ndayamba kuwaphunzitsa a Teleza kuyendetsa nkhani, kuti tsiku limene ndatanganidwa pasasowe munthu. Ali ndi mutu, kungoti amachitira zilombo chisoni.

Mayi Fainess akupereka moni, akuti musaiwale kuwabweretsera mpunga wa kumeneko. A Yesaya ndi a Teleza nawonso akupereka moni. Akazi anga, mayi a Tamando, akanapereka, koma ali kwa amayi awo ku Goliati, anapita kukapumulako mwezi watha chifukwa thupi silikuwayendera bwino. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti amalume awo a ku tiyi amawakumbuka.

Mukamayankha, pa envelopu mulembenso dzina la a Teleza pansi pa langa, kuti kalata ikapanda kundipeza isabwerere.

Ndine mnzanu,
Stewart