Botolo la Petronella pa Njinga Yanga

Magodi, Lundazi
14 Okutobala 1995

Okondedwa mng'ono wanga Danwell,

Kuno tili bwino, kungoti dzuwa latiphika ndipo ng'ombe zaonda. Ndikulembera za mwana wathu Petronella, choncho ukhale pansi.

Loweruka lapitali kuboma kunali mpikisano wa sayansi, wosankha wophunzira mmodzi woti abwere kwanuko ku Chipata. Petronella anakonza botolo la mankhwala otchedwa kobalti osakaniza ndi asidi. Akuti m'botolomo muli mitundu iwiri yolimbana, wapinki ndi wabuluu, ndipo ikakhazikika madziwo amaoneka ngati duwa la mbatata. Ntchito yake inali kuwerengera kuchuluka kwa mtundu uliwonse pokhazikikapo. Mwanayo anaonda nazo samuzi.

Woyendetsa lole yonyamula ana asukulu anakana kukweza asidi pakati pa matumba ake a chimanga. Ana ndi aphunzitsi anatsogola, botolo ndinalimanga ine pakaliyala, pamwamba pa thumba la mtedza. Nditaima pamjigo kuti ndimwe, ndinaona kuti lasanduka buluu. Mtima unandithawa. Iwe umandidziwa, tiyi akada kwambiri ndimangothira madzi. Ndinatsegula, fungo linandilasa m'mphuno, ndinathira madzi a pamjigo mpaka m'khosi. Mtundu unabwererako, ine n'kumapalasa modzitama ngati dokotala.

Litazizira m'holo ya mpikisano, linali pinki wotuwa. Oweruza anali atafika kale patebulo la Petronella.

"Adada, mwaikamo manzi?" anandifunsa.

Ndinavomera ndi mutu, chipewa chili m'manja.

"Linali chabe lapya na zuba, adada. Sembe mwaliika pamthunzi, sembe labwelela lokha."

Danwell, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Zonse zimene analemba pabolodi zinali zitasanduka zabodza chifukwa cha ine. Ndinkayembekeza misozi, koma iye anathira mankhwalawo m'chopimira, napeza kuti madzi achuluka kawiri. Anafufuta bolodi lonse ndi chikhatho n'kuyambanso pamaso pa anthu. Anafotokoza kuti chilichonse chasungunuka ndi theka, koma mbali ya asidi imalowa m'samuzo kanayi, motero wabuluu poyerekeza ndi wapinki watsika pafupifupi kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi.

Woweruza wina, mayi wamagalasi, anabwereza samuzo pakapepala, kenaka anafunsa kuti mtundu wakale ungabwerere bwanji. Petronella anapungulako pang'ono, anadonthezeramo asidi mosamala, duwa la mbatata lija n'kubwerera. Holo yonse inaomba m'manja. Ine sindinamve zonse zimene ananena, koma ndikunenetsa, sindinaonepo munthu wolimba mtima chonchi, ndipo ndimadabwa kuti anabadwa m'nyumba mwanga.

Amusankha. Abwera kumapeto a mwezi uno, ndiye utichingamire pasiteshoni ndipo alamu atikonzere pogona. Ndati utichingamire chifukwa tibwera awiri. Aphunzitsi ake anati ulendo uno botolo anyamula okha, ine ndinati akunena zoona. Petronella anakana, akuti tsopano ine ndadziwa.

"Yayi, anyamule adada. Manje aziba."

Pobwerera kumudzi ndinkapalasa njinga msewu osauona bwino, ndipo silinali fumbi.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Undisungireko mthunzi pakhonde pako, botololo ndilifungatira pamiyendo njira yonse.

Ndine mkulu wako,
Haswell