Ndabisa pasipoti ya amuna anga ogwira agulugufe

Aphungu,

Ndili ndi zaka 24, ndimakhala ku Highfields mumzinda wa Leicester, kuno kudziko la azungu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7 ndipo ndine wamanyazi, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Amuna anga, a Dunstan, amaphunzira za tizilombo payunivesite. Amapita m'nkhalango zowirira za ku Cameroon kukagwira agulugufe, n'kubwera nawo kuno m'timabokosi. Chaka chatha anakana mapiritsi oteteza ku malungo amene anzawo ankamwa. Anati, "Ine ndinakulira ku Nkhata Bay, udzudzu umandidziwa. Mapiritsiwo ndi a azungu." Atabwerako anayamba kutentha thupi, iwo n'kumati ndi chimfine cha kuno. Tsiku lachinayi anandiyang'ana n'kundiitana dzina la mlongo wawo. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi.

Mwezi wamawa akupitanso, ati tsopano magazi awo alimba. Ndikati ndilankhule mawu amandithera, iwo amangoseka. Ndiye ndabisa pasipoti yawo m'thumba la mpunga. Asanthula nyumba yonse koma sanaipeze. Sindiibweza mpaka atandimvera. Kodi ndalakwa?

K.M., Leicester

Mwana wanga K.M.,

Mantha ako ndi oona, koma pasipotiyo ichotse mumpungamo lero. Akaisowa adzapangitsa ina, ulendo udzachitikabe, ndipo sadzakukhulupiriranso.

Amuna akowo akulakwitsa pomwe ambiri a ife timalakwitsa. Thupi la munthu wolumidwa ndi udzudzu chaka ndi chaka limapirira malungo, koma ukakhalitsa kuno mphamvu imeneyo imatha. Kudwala kamodzi sikuibweza.

Poti pakamwa pamakulemera, uwalembere kalata monga wandilemberamu. Uwauze za tsiku limene anakuiwala dzina, chifukwa mwina iwo sakulikumbuka. Uvomere zomwe unachita, kenaka upemphe chinthu chimodzi: mupite limodzi sabata ino kwa nesi woona za maulendo kuchipatala cha GP, dokotala wanu wa m'dera. Amve kwa nesiyo za mapiritsi, katemera ndi neti. Akakana, uwauze poyera kuti ukadziwitsa wotsogolera ulendowo za matenda a chaka chatha, ndipo uchitedi. Mapiritsiwo azimwabe ngakhale atabwerako, mpaka atatha.

Chenjezo langa ndi ili: akadzatentha thupi, ngakhale patapita miyezi, usadikire kuti avomere. Pita nawo kuchipatala, ku dipatimenti ya odwala mwadzidzidzi yotchedwa A&E tsiku lomwelo. Usaope Chingerezi. Ukangonena kuti "malaria" ndi "Cameroon", madokotala adziwa chochita.

Aphungu