Mishoni ya makatoni ya a Dennis

Lachinayi, Novembala. Mvula tsiku lonse, mapazi akuwawa.

Lero shifiti yanga yosamalira okalamba inali kwa a Dennis ku Oldbury, kuno ku Mangalande, agogo aja anali aphunzitsi. Ndikupukuta fumbi ndinagwetsa khoma la mishoni yawo ya makatoni, chifanizo chaching'ono chimene anamanga atabwerako ku California kalekale. Sanakalipe. Anandikhazika pansi n'kuyamba kuphunzitsa.

Akuti mishoni yeniyeniyo inali ya ansembe a ku Spain. Tchalitchi chili pakona, nyumba zonse zazungulira bwalo, chitsime pakati, chipata chimodzi. Uku ankaluka nsalu, uku ankapanga makandulo. Belu likalira eni dziko ankapita kukapemphera, likaliranso ndi phala, likaliranso ndi kumunda. Chipinda chimene ndinaphwanya n'cha atsikana osakwatiwa, ndipo ankachikhoma kunja.

Ndinafunsa ngati munthu akatopa ankabwerera kwawo. Anati, "Ukabatizidwa, basi. Ukathawa asilikali ankakulondola." Kenako anapempha tiyi. Ndinamata khoma lija bwinobwino, atsikana aja n'kuwatsekeranso.

Ife tilipo asanu m'nyumba ya bwana ku West Bromwich, viza ili m'dzina la kampani yake, foni ikalira timanyamuka. Ku Wolverhampton andilonjeza ntchito ina, koma akufuna kalata yochokera kwa bwana yemweyo. Nditawauza amake Chisomo, amene timagona chipinda chimodzi, anati, "Asisi, mwaiwala za Tiyamike? Anapempha kalata, m'mawa mwake dzina lake palibe pa rota ya mashifiti. Pano akulima mtedza ku Mchinji."

Uthenga wopempha kalatayo ndalemba kale, uli mu foni. Ndauwerenga kanayi, ndachotsamo "chonde" mmodzi, ndamubwezeranso. Sindinatumize. Mwina Lolemba, bwana akakhala kuti adzuka bwino, mwina...